ULENDO WA KU INVERNESS, MZINDA WA KU DZIKO LA CISANU

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa madzulo, m'masiku a cikondwerero ca Jubile



Akuru amene akonza cikondwerero cino anandipempha kuti madzulo ano ndikusimbireni za mzinda umodzi wa ku Ulaya umene ndinauona ndi maso anga. Ndasankha Inverness, mzinda wa kumpoto kwa dziko la Scotland. Suli waukuru ngati London kapena Glasgow, pakuti anthu ace safika ngakhale 100,000. Ufanana ndi maboma athu ano, kumene munthu wa kumudzi amapita kukagulitsa ziweto, kukagona m'cipatala, kapena kukamva mlandu, nabwerera kwao. Pozinga pace pali minda, mapiri, nyanja ndi mabusa a nkhosa, ndipo cisanu cace ncoopsa. Cimene ndifuna kuti mupite naco kwanu ndi ici: mzinda wotere munthu sauzindikira poyenda m'miseu yace yokha. Ayenera kuturukira ku midzi youzinga, nafunse kuti eni minda iyi ndani, ndipo amene anailima kale anapita kuti. Yankho la funso limeneli ku Inverness liri ndi misozi, komanso liri ndi nzeru yotikhudza ife alimi a kuno.

NJIRA YA KUMPOTO

Munthu wopita ku Inverness akhoza kukwera sitima ya pamtunda ku Edinburgh, ndipo ulendo wace utha maora atatu ndi theka. Poyamba sitima ipyola dziko la minda yabwino kufikira ku Perth. Kucokera apo iyamba kukwera, nipitirira Pitlochry, nifika pa mpata wa mapiri wochedwa Drumochter, pamene njanje iri mamita 452 pamwamba pa nyanja yamcere. Njira imeneyi ya m'mapiri inatsegulidwa m'caka ca 1863, koma masiku amenewo inali kuzungulira ku Forres. Njira yolunjika imene ayendamo lero inatha kumangidwa mu 1898.

Mapiri a kumeneko sangatidabwitse ife, pakuti Mulanje ndi Nyika aposa onsewo kutalika. Codabwitsa ndico kusowa kwa anthu. Kwathu kuno munthu sayenda mailosi awiri osaona utsi wa m'mudzi, kapena mai wosenza mtsuko, kapena mwana woweta mbuzi. Kumeneko sitima ithamanga nthawi yaitali, ndipo poyang'ana pa zenera uona tizitsamba tofiirira, miyala, timitsinje, nkhosa apa ndi apo, ndi nswala pa zitunda. Koma munthu ai. Dziko lonse limene boma lace liri ku Inverness, lochedwa Highland, lifanana kukula kwace ndi Cigawo cathu ca Kumpoto. Koma anthu ace ali ngati 235,000 okha, pamene ku Cigawo ca Kumpoto anawerengako anthu oposa 2,000,000 m'caka ca 2018. Mlendo angayese kuti cisanu cokha ndico cinaletsa anthu kukhalamo. Cisanu ciri ndi gawo lace ndithu. Koma m'zigwa zambiri muli mabwinja a nyumba za miyala, ndi mizere ya minda yakale imene ioneka pansi pa udzu dzuwa likapendeka. Za mabwinja amenewa ndidzanena bwino lino.

CISANU NDI MDIMA

Tiyambe tanena za cisanu, pakuti ndico cilonjera mlendo potsika m'sitima. Mwezi wa Disembala, pamene ife tiri kupalira cimanga ndi thukuta, iwo ali pakati pa nyengo yozizira. Dzuwa lituruka cifupi ndi 9 koloko, nililowa 3 koloko ndi theka, kotero kuti usana wonse sufika maora 7. Ndiponso silikwera pamutu. Liyenda m'munsi cakumwera ngati dzuwa la m'mawa tsiku lonse, lowala koma losafunda. Ana apita ku sukulu kusanayere bwino, nabwerako nyali za m'miseu zirinkuyaka. Mwezi wa Juni zinthu zitembenuka: usana utenga maora ngati 18, ndipo munthu akhoza kuwerenga kalata panja 10 koloko ya usiku wopanda nyali.

Mumzinda mwenimwenimo cisanu sicipambana kwambiri, cifukwa uli pa gombe, ndipo nyanja yamcere icepetsa ukali wace. Masiku ambiri a Januwale kuzizira kuli pafupi ndi pamene madzi ayamba kuundana. M'mawa mame auma pa udzu mbee ngati mcere, ndi m'miseu muterera, kotero kuti a boma amawazamo mcere ndi timiyala. Koma m'zigwa za m'kati mwa dziko ndimo muli cisanu ceni ceni. Pa 30 Disembala 1995, pa kamudzi ka Altnaharra, kumpoto kwa Inverness, kuzizira kunafika madigiri 27 kunsi kwa pamene madzi aundana. Cipale cofewa cikagwa cambiri pa mapiri, atseka miseu ina ndi zipata zacitsulo, ndipo mbusa ayenda ndi agaru ace kufunafuna nkhosa zokwiririka.

Cisanu cimeneci ndico cinaphunzitsa anthuwa mamangidwe ndi madyedwe ao. Nyumba zakale za kumidzi zinali zazifupi, za makoma ocindikala, zofolera ndi udzu. Ng'ombe zinagona mbali imodzi, anthu mbali yina, pansi pa denga limodzi, kuti afunditsane. Popeza mitengo inali yosowa, anakumba dothi lakuda la m'madambo, lochedwa peat, naliumika m'malimwe, nalisonkha pamoto ngati nkhuni. Nsima ya cimanga sanaidziwa; cakudya ca makolo ao cinali phala la mbeu yochedwa oats, barele, mkaka, nsomba, ndipo pambuyo pace mbatata ya kacewere. Ngakhale anthu akalekale, a zaka 4,000 zapitazo, anasamala za mdima umenewu. Pa Clava, kum'mawa kwa mzinda, pali manda ao a miulu ya miyala, ndipo makomo ace analozetsa kumene dzuwa lilowera pa masiku aafupi a caka.

MZINDA WENI WENI

Dzina la Inverness licokera m'cinenero ca Gaelic, ndico ca makolo a m'mapirimo, ndipo litanthauza pamene mtsinje wa Ness utsirira m'nyanja. Mtsinje umenewu uturuka m'nyanja ya Loch Ness, nuyenda mailosi ngati 6 okha, nupyola pakati pa mzinda. Madzi ace ngakuda, othamanga, ozizira. Ndipo m'nyengo yace nsomba yochedwa salmon ikwera mtsinje kucokera ku nyanja yamcere kukaswa, monga acitira mpasa wathu mu Bua. Loch Ness ndiyo nyanja yopapatiza, ya mailosi 23 m'litali mwace, yakuya mamita 230, ndipo siundana ngakhale pa cisanu. Alendo ambiri amadza cifukwa ca nthano ya cirombo cokhala m'madzimo. Palibe munthu anacigwira cirombo cimeneco, koma nthano yace imadyetsa mabanja ambiri a mumzindamo.

Munthu akhoza kuzungulira pakati pa mzinda ndi miyendo m'ora limodzi. Pa citunda ca pamwamba pa mtsinje pali linga la miyala yofiira, limene mbali yace yoyamba inatha kumangidwa mu 1836, ndipo linali bwalo la milandu kufikira 2020. Tsidya lina pali chalichi cacikuru ca St Andrew, comangidwa kuyambira 1866 kufikira 1869, cimene nsanja zace ziwiri zinatsala zopanda nsonga cifukwa ndalama zinatha. Inu amene mwasonkhapo za njerwa ndi malata mudziwa umo zikhalira. Pali ulalo wa oyenda pansi wa caka ca 1881, wolenjekeka pa zingwe zacitsulo, umene ugwedezeka anthu akamaponda. Pali msika wofoleredwa, umene unapsa mu 1889, numangidwanso. Cakumadzulo kuli ngalande yaikuru yoyendamo zombo, Caledonian Canal, ya mailosi 60 pamodzi ndi nyanja zimene izilumikiza. Anaitsegula mu 1822, mmisiri wace ndiye Thomas Telford, ndipo cifukwa cimodzi coikumbira cinali kupatsa nchito anthu a m'mapiri kuti aleke kuthawira kutsidya kwa nyanja. Mbiri ya malo ano njakale kuposa nyumba zonsezi: Columba, amene anacoka ku Ireland nakhala pa cisumbu ca Iona mu 563, anayenda kudzaonana ndi Bridei, mfumu ya anthu ochedwa Picts, pafupi ndi mtsinje womwewu.

Koma moyo wa mzinda ucokera ku midzi. Pa cipatala ca Raigmore agona odwala ocokera kutali, ena atayenda mailosi oposa 100. Tsidya la ulalo wa Kessock, wotsegulidwa mu 1982, kuli dziko la nthaka yabwino lochedwa Black Isle, la barele ndi kacewere. Barele wambiri apangira mowa wao waukali wochedwa whisky. Ng'ombe ndi nkhosa azigulitsa pa msika wa ku Dingwall. Ndipo kuyambira 1817, zaka zambiri ndithu, ku Inverness kunali kucitika msika wa caka ndi caka wa nkhosa ndi ubweya, umene unali wodabwitsa: nkhosa sanadze nazo pamsikapo, ubweya sanauonetse, ogula ndi ogulitsa anangopangana pakamwa m'miseu, potama mbiri ya mwini khola. Cuma ca nkhosa cimeneco cinalemeretsa amalonda a mumzinda. Tsono tifunse, nkhosazo zinali kudya pa minda ya yani?

DAMBO LA CULLODEN

Mailosi 5 kum'mawa kwa mzinda kuli dambo la Culloden. Pamenepo, pa 16 Epulo 1746, panacitika nkhondo pakati pa asilikari a boma, otsogozedwa ndi Duke of Cumberland, ndi ankhondo a Charles Edward Stuart, amene anafuna kubwezera ufumu wa Britain ku banja lace. Ambiri a ankhondo acewo anali a mapfuko a m'mapiri. Nkhondo sinathe ora limodzi, ndipo a mbali ya Stuart anafa ngati 1,500. Lero pali timiyala tolembedwa maina a mapfuko, Fraser, Cameron, Mackintosh ndi ena, toikidwa mu 1881 pa manda a pamodzi. David Livingstone, amene anafika pa nyanja yathu mu 1859, analemba kuti atate wa agogo ace anafera pa dambo limeneli. Ndipo agogo acewo anali mlimi wamng'ono pa cisumbu ca Ulva, kumadzulo kwa Scotland, nacokako mu 1792 kukafuna nchito ku Blantyre wa kumeneko. Potero dambo ili siliri kutali ndi mbiri yathu monga tiyesera.

Mverani cimene cinatsata. Kale mfumu ya pfuko kumeneko inali ngati mfumu ya kwathu: cuma cace cinali anthu. Anthu analiyesa dziko la pfuko lonse, ndi mfumu msungi wace. Kusintha kunayamba nkhondo ija isanacitike. Koma itatha, boma linalanda mafumu mphamvu ya kuweruza, niletsa anthu kusunga zida. Mfumu yopanda bwalo ndi yopanda ankhondo inatsala ndi cinthu cimodzi, ndico kalata ya lamulo yonena kuti dziko lonse nlace. Ana a mafumu anaphunzira kumwera, nazolowera kukhala ku Edinburgh ndi ku London, nalowa m'ngongole. Ena anagulitsa dziko kwa alendo, ena anayamba kuwerenga abale ao ngati anthu ongokhala pa malo a mwini ndi kulipira msonkho wocepa. Pamenepo anadza oweta a kumwera ndi nkhosa zazikuru za mtundu wa Cheviot, nalonjeza kulipira kowirikiza akapatsidwa zigwa zopanda anthu.

NKHOSA ZILOWA, ANTHU ATURUKA

Kuyambira cakumapeto kwa zaka za 1700 kufikira zaka za 1850, mabanja zikwi zambiri anacotsedwa m'zigwa za makolo ao. Ena anawakankhira ku gombe, pa timinda ta miyala tosakwana kudyetsa banja, kuti azigwira nsomba ndi nchito ya mwini dziko. Inu amene makolo anu anadziwa thangata mudzazindikira msanga. Ena anakwera zombo kunka ku Canada, ku America, ku Australia ndi ku New Zealand. M'cigwa ca Strathnaver, ku Sutherland, mu 1814, nyumba zinatenthedwa kuti eni ace asabwerere. Kapitao wa nchitoyo, Patrick Sellar, anaimbidwa mlandu wa kupha ndi kutentha, naweruzidwa ku Inverness mu Epulo 1816, ndipo bwalo linammasula. Mu 1846 matenda anagwira kacewere, kunagwa njala ya zaka zingapo, ndipo ocoka anacuruka koposa kale.

Mlendo wofuna kuona ndi maso ace apite ku Croick, ulendo wosafika maora awiri pa galimoto kumpoto kwa Inverness. Kumathero a kamseu kopapatiza kuli kachalichi ka caka ca 1827. Mu Meyi 1845 anthu a m'cigwa ca Glencalvie, mabanja 18, anthu ngati 90, anaturutsidwa m'nyumba zao, ngakhale anali olipira msonkho wao. Anadza ku manda a pa chalichi cimeneci ndi ana ndi nkhalamba, namanga msasa wa mitengo ndi nsaru kuseri kwa khoma. M'katimo sanalowe, poyesa kuti sikuyenera kugona m'nyumba ya Mulungu. Pa galasi la zenera la kum'mawa pali maina ndi mau olembedwa mokanda, ooneka kufikira lero lino. Mau ena apamenepo achula anthu a Glencalvie kuti ndiwo mbadwo woipa. Pakuti ambiri masiku amenewo anayesa kuti tsoka lao linali cilango ca macimo ao. Taonani, abale, olandidwa ndiwo anadziyesa opalamula.

Apa aphunzitsi amve bwino. Abusa ambiri a masiku amenewo anaikidwa pa mipingo ndi eni dziko. Ndipo pamene anthu anali kupitikitsidwa, ena a iwo anakhala cete, ena anangouza anthu kuti apirire. Anthu sanaiwale. Pamene mpingo wa Scotland unagawanika mu 1843 pa nkhani ya mphamvu ya eni dziko posankha abusa, anthu a m'mapiri a kumpoto anaturuka ambirimbiri, nalowa Free Church, ndiwo mpingo umene unatuma amishoni a Livingstonia mu 1875. Eni dziko ena anawamana malo omangapo, kotero anapemphera panja pa mvula ndi pa cipale. Ndipo a ku Strontian, atasowa poimika nsici, anapangitsa chalichi coyandama pa madzi mu 1846.

ANTHU AIMIRIRA

Kupirira kuli ndi malire ace. Mu 1882 anthu a ku Braes, pa cisumbu ca Skye, cimene masiku amenewo cinali pansi pa boma la Inverness, anakana kulipira msonkho kufikira atabwezeredwa busa lao la pa phiri la Ben Lee. Woweruza wa ku Inverness anapitako ndi apolisi ngati 50 ocokera ku Glasgow, ndipo anthu a m'mudzi, makamaka amai, anawacingamira ndi miyala ndi ndodo. Amuna 5 anagwidwa, naweruzidwa ku Inverness, nalipitsidwa. Koma mbiri yace inamveka m'dziko lonse. Mu 1883 boma linatuma akuru, wotsogolera wao Lord Napier, kuyenda m'midzi ndi kumva madandaulo pakamwa pa eni ace, ambiri polankhula Gaelic ndi womasulira. Mu 1885 alimi aang'ono, atalandira mphamvu ya kusankha, anatuma anthu ao ku nyumba ya malamulo. Ndipo mu 1886 linaturuka lamulo lakuti mlimi wamng'ono, amene amucha crofter, sangacotsedwe pa munda wace akamalipira msonkho. Kuti msonkhowo uyesedwe ndi bwalo, osati ndi mwini dziko yekha. Ndi kuti munda usiyidwe kwa wa m'banja lace. Lamulo limeneli silinabweze zigwa zolandidwa, koma linaletsa kupitikitsa.

Minda ya mtundu umenewu iripo lero ngati 20,000. Mlimi ali ndi munda wace pafupi ndi nyumba, koma busa la kuphiri nla mudzi wonse, ndipo pali akuru osankhidwa oyang'anira kuti yense asacurukitse ziweto zace. Ambiri ali ndi nchito yina pambali, wina woyendetsa basi, wina namwino, wina wolandira alendo m'nyumba mwace, pakuti munda wokha sukwanira. Masiku a posacedwa midzi ina yacita cimene makolo ao sanacilote. Mu 1993 alimi a ku Assynt anasonkha ndalama, nathandizidwa ndi abwenzi, nagula dziko limene anali kukhalamo. A pa cisumbu ca Eigg anatero mu 1997. Mu 2003 nyumba ya malamulo ya Scotland inaika lamulo lothandiza midzi kugula dziko lao. Ndipo Ulva, kwao kwa makolo a Livingstone, kumene kunali anthu ngati 600 m'zaka za 1830 ndi kutsala osafika 10, kunagulidwa ndi anthu a m'deralo mu 2018. Anadziwa iwonso kuti mutu umodzi susenza denga.

Cinkana ziri tero, dziko lambiri likali m'manja mwa eni owerengeka, ndipo labuka bvuto lina. Nyumba za kumidzi zigulidwa ndi olemera a kutali kuti azicezeramo m'malimwe, mtengo wace ukwera, ndipo anyamata ndi asungwana alephera kupeza pokhala kwao, nasamukira ku Inverness kapena ku Glasgow. Mzinda ukula msanga. Unalandira ulemu wa kuchedwa mzinda waukuru mu 2000, ndi yunivesite yace mu 2011. Koma masukulu ena a kumidzi atsekedwa posowa ana.

CINENERO CA MAKOLO

Pa mseu wa Church Street pali nyumba imene kale inali chalichi ca anthu olankhula Gaelic. Lero ndiyo sitolo ya mabuku akale, yochedwa Leakey's, ndipo pakati pace pali mbaula yaikuru ya nkhuni imene mlendo wozizidwa aothapo moto ndi kukondwa. Koma akakumbuka kuti makoma amenewo anamva masalmo oimbidwa m'cinenero ca anthu a m'mapiri, kukondwa kwace kusanganikirana ndi cisoni. Pafupi pomwepo pali Old High Church, chalichi cakale ca mzinda, m'mene mpingo unaleka kupembedzeramo mu 2022.

Cipangano Catsopano ca Gaelic cinasindikizidwa mu 1767, ndi Buku lonse mu 1801, ndipo anthu ambiri anaphunzira kuwerenga cinenero cao ndi mabuku amenewo. Koma lamulo la masukulu la 1872 silinachule Gaelic konse, ndipo ana ambiri analangidwa polankhula mau a amao pa sukulu. Mu 1891 olankhula Gaelic m'dziko la Scotland anali oposa 250,000. Mu 2011 anali ngati 57,000. Cinenero cinatsata anthu: zigwa zitatha anthu, maina a zitunda ndi akasupe anatsala pa mapu okha, wopanda wowachula. Tsopano ayesa kuciutsa. Lamulo la 2005 linacipatsa ulemu pamaso pa boma, mu 2007 anatsegula sukulu ku Inverness yophunzitsa zonse m'Gaelic, ndipo zikwangwani za m'miseu zilembedwa m'zinenero ziwiri. Nchito imeneyi njabwino, koma njolemera, pakuti mwana aphunzira m'kalasi zimene agogo ace akadamphunzitsa pamoto kwaulere.

MAU OTSIRIZA

Ena a ana athu adzapita kumeneko kukaphunzira kapena kukagwira nchito m'zipatala, ndipo kwa iwo ndinena izi. Zobvala zitatu zosanjikiza ziposa cikhoto cimodzi cocindikala. Nsapato zikhale zosalowa madzi, ndipo cipewa ndi zobvala za m'manja zisatsale. Wofuna kuona midzi asankhe Meyi kapena Juni, pakuti m'Julai ndi m'Ogasiti muli tizirombo touluka tochedwa midges, toluma koopsa cinkana sitipatsa malungo. Pa nyengo ya cisanu ulendo uyambe m'mawa, cifukwa mdima sucedwa. Mabasi a kumidzi ngowerengeka, makamaka tsiku la Sabata. Funsani eni mudzi, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo musangokhala mumzinda; pitani ku Culloden, pitani ku Croick, mukaime pa mabwinja, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Kwa ife otsala kuno ndiri ndi mau atatu. Oyamba ndi a munda. Anthu a m'zigwa zija anatama mwambo ndi ubale, pamene kalata inali m'manja mwa wina. Kwathu kuno lamulo la 2016 lilola kulembetsa minda ya makolo. Tsono banja liri lonse lidziwe malire ace, ndi dzina limene lalembedwa. Inu aphunzitsi, amene mudziwa kuwerenga, wina akadza ndi pepala la malo, muliwerenge mokweza lonse pamaso pa mudzi, munthu asanadinde cala.

Aciwiri ndi a pakamwa panu. Mkazi wamasiye ndi ana ace akamalandidwa munda ndi acibale, kapena mudzi ukamagulitsidwa mobisa, musauze olira kuti ndi tsoka lao. Abusa amene anakhala cete ku Sutherland akumbukika kufikira lero cifukwa ca kukhala cete kwao. Ndipo popeza tiri pa Jubile, kumbukirani kuti m'buku la Levitiko, mutu 25, caka ca 50 cinali caka cobwezera munda wogulitsidwa ku banja lace.

Acitatu ndi a cinenero. Cingerezi ana aciphunzire bwino, pakuti acifuna. Koma maina a mitengo, a mitsinje ndi a mitunda ya kwanu, miyambi ndi nthano, muziwauza ana madzulo pabwalo, eni ace akali moyo.

Ndacedwetsa akuru, ndipo ena muli ndi ulendo m'mawa.  Mukafike bwino, mukapereke moni kwa otsala kumudzi.